Mauthenga Amene Amapoletsa Chilonda

Bala la mpeni pachala cha munthu wathanzi limatsekeka m'masiku owerengeka, koma chilonda cha kuphazi kwa munthu wodwala matenda a shuga chikhoza kutha miyezi chikuchucha madzi, mpaka madokotala kufika poganiza zodula mwendo. Kusiyana kumeneku kwagona kwambiri pa mauthenga amene maselo a m'thupi amatumizirana khungu likang'ambika. Mauthengawo amanyamulidwa ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene m'Chingelezi timatchedwa growth factors, kutanthauza zinthu zolimbikitsa kukula. Selo lina limatulutsa kapuloteni koteroko, selo loyandikana nalo limakalandira, ndipo likatero limayamba kugawikana, kusuntha, kapena kupanga ulusi womangira mnofu watsopano.

Dzina lakuti zolimbikitsa kukula limasocheretsa pang'ono. Ena mwa mapuloteniwa amaletsa maselo kuchulukana, ndipo puloteni imodzimodziyo ikhoza kulamula selo la mtundu wina kuti ligawikane kwinaku ikuuza selo la mtundu wina kuti lileke. Chimene chimapoletsa chilonda ndi kufika kwa uthenga woyenera pa nthawi yake, pamalo pake ndiponso pa mlingo wake, kenaka n'kutha ntchito yake ikatha.

Ululu wa njoka ndi malovu a mbewa

Puloteni yoyamba ya mtundu umenewu sinapezeke pofufuza zilonda. Rita Levi-Montalcini, dokotala wa ku Turin m'dziko la Italy, anachotsedwa pa yunivesite chifukwa cha malamulo otsekereza Ayuda amene boma la Mussolini linakhazikitsa mu 1938, ndipo anapitiriza kafukufuku wake m'chipinda chake chogona, akumaphunzira mmene mitsempha yonyamula uthenga imakulira mwa anapiye amene adakali m'dzira. Nkhondo itatha anapita ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America. Kumeneko, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, anaona kuti kachidutswa ka chotupa cha khansa ya mbewa kakaikidwa m'dzira la nkhuku, mitsempha ya mwanapiye inkakula mowirira modabwitsa. Chotupacho chinkatulutsa chinthu china chosungunuka m'magazi, chimene pambuyo pake chinatchedwa nerve growth factor, mwachidule NGF.

Stanley Cohen, amene anayamba kugwira naye ntchito mu 1953, anafuna kudziwa kuti chinthucho chinapangidwa ndi chiyani. Poyesa zimenezi anagwiritsa ntchito ululu wa njoka, ndipo anadabwa kupeza kuti mu ululumo muli NGF yambiri kuposa ya m'chotupa chija. Popeza ululu wa njoka umachokera m'tiziwalo tofanana ndi topanga malovu, iye anayang'ananso m'tiziwalo topanga malovu ta mbewa zazimuna, ndipo anaipezanso yochuluka. Atabaya tiana ta mbewa ndi madzi ochokera m'tiziwaloto, kunachitika chinthu chimene sanachiyembekezere: tianato tinatsegula maso titangotha masiku 6 kapena 7, pamene mwachibadwa timatsegula pa masiku 12 mpaka 14, ndipo mano anamera msanga. Mu 1962, ali ku Vanderbilt University, Cohen anapatula puloteni yochititsa zimenezi. Inali yofulumizitsa kukula kwa maselo a pamwamba pa khungu, ndipo inatchedwa epidermal growth factor, kapena EGF. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1986.

Anthu akaona galu akunyambita bala lake amanena kuti akudzipatsa mankhwala, ndipo kwa mbewa mawu amenewa ali ndi choona chake: kafukufuku wa mu 1979 anasonyeza kuti mabala a mbewa zochotsedwa tiziwalo ta malovu ankachedwa kutsekeka. Komabe m'kamwa mwa munthu ndi mwa galu muli mabakiteriya ambiri, kotero madokotala salangiza aliyense kunyambita bala kapena kulola chiweto kulinyambita.

Kuyambira mphindi yoyamba

Mtsempha wa magazi ukaduka, oyamba kufika ndi mapulateleti, tizidutswa ta maselo timene timayenda m'magazi tochuluka pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho kakang'ono ka microlitre imodzi. Timamatirirana pamalo oduka, ndipo pamodzi ndi ulusi wotchedwa fibrin timaumba chotseka chimene chimaletsa magazi kutuluka. Kwa nthawi yaitali anthu ankayesa kuti ntchito yake imathera pomwepo. Mu 1974 Russell Ross ndi anzake mumzinda wa Seattle anasonyeza kuti maselo osungidwa m'mbale za m'labotale amakula bwino m'madzi otsala magazi akaundana, kusiyana ndi m'madzi a magazi amene achotsedwa mapulateleti asanaundane. Mapulateleti akamatirirana amakhuthula timatumba todzaza mauthenga. Umodzi mwa mauthengawo ndi platelet-derived growth factor, PDGF, ndipo wina ndi transforming growth factor beta, TGF-beta.

Mauthenga oyambawa amaitana maselo oyera a m'magazi. M'maola ochepa pamafika a mtundu wa neutrophil, amene amapha mabakiteriya. Ndiyo nthawi imene bala limafiira, limatentha, limatupa ndi kupweteka. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamachuluka maselo akuluakulu otchedwa macrophages. Amenewa amadya maselo akufa ndi zonyansa zonse, kenaka amasintha khalidwe n'kuyamba kutulutsa okha PDGF, TGF-beta ndi mapuloteni ena oitana omanga. Mu 1975 Ross ndi Samuel Leibovich anachepetsa dala maselo amenewa m'mabala a mbira za m'labotale, ndipo mabalawo anachedwa kuyera ndiponso kudzaza mnofu. Kusintha kwa macrophages, kuchoka pa kumenya nkhondo kufika pa kumanga, ndi malo amodzi amene zilonda zambiri zosapola zimakanirira.

Mmene selo limamvera

Puloteni yonyamula uthenga silowa yokha mkati mwa selo kukapereka lamulo. Pakhungu lopyapyala lokuta selo pali zolandirira uthenga, mapuloteni aatali amene mbali imodzi ili kunja ndipo mbali ina ili mkati. Cholandirira chilichonse chimagwira mauthenga a mtundu wake okha. EGF ikamata kunja, zolandirira ziwiri zimayandikizana n'kugwirana, ndipo mbali zake zamkati zimapachikana timagulu ta phosphate. Malo opachikidwawo amakopa mapuloteni ena a m'selo, amene amadzutsa puloteni yotchedwa Ras. Ras imadzutsa Raf, Raf imadzutsa MEK, MEK imadzutsa ERK, ndipo ERK imalowa m'phata la selo mmene muli majini n'kutsegula amene amayambitsa kugawikana. Pa sitepe iliyonse puloteni imodzi imadzutsa anzake ambiri, kotero uthenga wochepa kwambiri kunja umasanduka lamulo lamphamvu mkati. Njira ina yoyambira pa cholandirira chomwecho, yodzera mwa PI3K ndi Akt, imauza selo kuti lisafe ndiponso kuti lisonkhanitse chakudya chokwanira kugawikana.

TGF-beta ili ndi njira yakeyake yaifupi, yodzera m'mapuloteni otchedwa Smad, ndipo njira imeneyi kawirikawiri imatsegula majini opanga kolajeni, ulusi wolimba umene umagwira khungu ndi minyewa.

Uthenga umazimitsidwanso mwadongosolo. Selo limameza cholandirira chimene chagwira uthenga n'kuchiphwanya mkati, mapuloteni ena amachotsa timagulu ta phosphate tija, ndipo Ras imadzizimitsa yokha patapita kanthawi. Mabuku ambiri amafotokoza kwambiri za kuyatsa kuposa kuzimitsa, chonsecho matenda ambiri okhudza nkhaniyi amayamba pamene kuzimitsako kwalephereka.

Mnofu wofiira, khungu latsopano

Kuyambira cha pa tsiku lachinayi, pansi pa chilonda pamayamba kuoneka mnofu wofiira wa timibulu tosalala, wosachedwa kutuluka magazi ukakhudzidwa. Anamwino otsuka zilonda amasangalala akauona. Mnofuwu umamangidwa ndi maselo otchedwa fibroblasts, amene PDGF imawakoka kuchokera m'mphepete mwa chilonda n'kuwachulukitsa, ndipo TGF-beta imawalamula kupanga kolajeni. Kufiirako kumachokera ku timitsempha tatsopano ta magazi. Pakatikati pa chilonda mpweya wa okosijeni umakhala wochepa chifukwa mitsempha yakale inaduka. Maselo akazindikira kuchepako, puloteni yotchedwa HIF imachuluka mwa iwo n'kutsegula jini yopanga vascular endothelial growth factor, VEGF, imene imachititsa mitsempha yapafupi kuphuka nthambi zolunjika kumene kukusowa mpweya. Harold Dvorak ndi Donald Senger anaona puloteni imeneyi koyamba mu 1983 m'zotupa za khansa, ndipo Napoleone Ferrara anaipatula mu 1989. Ntchito yofotokoza mmene maselo amazindikirira kuchepa kwa okosijeni inapatsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphotho ya Nobel mu 2019.

Pamwamba pa mnofu umenewu pamayenda maselo a khungu, kuchokera m'mphepete mwa bala ndiponso m'timaenje mmene mumamera ubweya. Amamasuka pamene anazikika, amaphwatalala, ndipo amakwawa ngati mphasa imene ikuyalidwa, pamene a kumbuyo kwawo akugawikana kuti mzere usaduke. Akakumana ndi anzawo ochokera mbali inayo amaima. Amene amawalamula ndi EGF ndi mapuloteni a banja lake, pamodzi ndi keratinocyte growth factor, KGF, imene imapangidwa ndi fibroblasts pansi koma imamveka ndi maselo a pamwamba. Mu 1992 Sabine Werner ndi anzake anapeza kuti m'khungu la mbewa, uthenga wopangira KGF umachuluka pafupifupi kuwirikiza ka 160 pasanathe tsiku limodzi chivulazidwireni.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bala liyenera kupitidwa mphepo kuti liume n'kuchita nkhanambo. Mu 1962 George Winter wa ku Britain anayerekeza mabala osazama pa khungu la nkhumba, ena ophimbidwa ndi kapulasitiki kopyapyala ndi ena osiyidwa pambalambanda. Ophimbidwawo anakutidwa ndi khungu latsopano mofulumira pafupifupi kawiri. Pansi pa nkhanambo youma maselo amayenera kuyamba aboola njira, pamene pamalo achinyezi amangotsetsereka, ndipo mauthenga amayenda mosavuta m'madzi a pabalapo.

Chipsera

Pa mapuloteni onsewa, TGF-beta ndiyo ili ndi mbiri ya mbali ziwiri. Popanda iyo chilonda sichilimba, koma ikapitirira muyeso ndiyo imabweretsa zipsera zoipa. Imasandutsa fibroblasts ena kukhala maselo okoka ngati minofu, otchedwa myofibroblasts, amene Giulio Gabbiani ndi anzake anawafotokoza mu 1971. Maselowa amakokera m'mphepete mwa chilonda pakati kuti malo otseguka achepe. Pa bala laling'ono zimenezi n'zothandiza. Pa chilonda chachikulu cha moto chimene chadutsa pachigongono, pakhosi kapena pazala, kukokako kumapinda chiwalo mpaka osawongokanso. M'mayiko a m'chigawo chino, kumene mabanja ambiri amaphika pa moto wa nkhuni kapena pa mbaula yoikidwa pansi, ana aang'ono ndi anthu odwala khunyu ndiwo amapsa kawirikawiri. N'chifukwa chake m'zipatala chiwalo chopsa amachimanga chowongoka, amachiyendetsa tsiku ndi tsiku ngakhale kuti zimapweteka, ndipo chilonda chozama amachiphimba msanga ndi khungu lotengedwa pamalo ena a thupi.

Khungu likatsekeka ntchito imapitirira pansi kwa chaka kapena kuposerapo. Kolajeni yofewa ya poyamba imaphwanyidwa ndipo m'malo mwake mumaikidwa yolimba, timitsempha tambiri timafota, ndipo myofibroblasts amafa. Pakatha milungu itatu bala limakhala ndi pafupifupi 20 peresenti ya kulimba kwa khungu lakale, ndipo ngakhale litapoleratu silipitirira 80 peresenti. Pachipsera sipamera ubweya ndipo sipatuluka thukuta.

Mwa anthu ena lamulo loti ntchito yatha silifika. Maselo amapitiriza kumvera TGF-beta n'kumaunjika kolajeni, ndipo chipsera chimatukumuka n'kudumpha malire a bala loyamba. Chipsera chotere chimatchedwa keloid. Chimaoneka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda, chimayenda m'mabanja, ndipo chimakonda pakhutu loboola, pachifuwa ndi pamapewa. Ngakhale mphini kapena chiphuphu chikhoza kuchiyambitsa. Kungochidula n'kusiya sikuthandiza kwenikweni chifukwa nthawi zambiri chimameranso, mwina chokulirapo, kotero madokotala amaphatikiza opaleshoni ndi jakisoni wa mankhwala a steroid, kupanikiza malowo kapena kuwotcha ndi cheza.

Khanda limene lidakali m'mimba m'miyezi yoyambirira limapola mabala a pakhungu popanda chipsera. Mwa nyama zoyamwitsa muli mitundu itatu ya TGF-beta, ndipo m'mabala a khanda lotere mtundu wachitatu umakhala wochulukirapo poyerekeza ndi iwiri inayo. Kampani ya Renovo ya ku Manchester inapanga mankhwala a mtundu wachitatuwu pofuna kuchepetsa zipsera za akuluakulu. Anaonetsa bwino m'mayeso oyambirira, koma pa mayeso aakulu omaliza mu 2011 sanaposa jakisoni wopanda mankhwala.

Ziwalo zimene zimameranso

Kupola ndi chipsera n'kosiyana ndi kumeranso kwa chiwalo. Buluzi akaduka mchira umaphukanso, ngakhale kuti mkati mwa watsopanowo mumakhala chichereŵechereŵe m'malo mwa mafupa. Kanyama ka m'madzi ka ku Mexico kotchedwa axolotl kamameretsa mwendo wonse, ndipo kumerako kumadalira mauthenga ochokera m'mitsempha yonyamula uthenga, kuphatikizapo a banja la fibroblast growth factor, FGF. Mtsempha ukadulidwa, mwendowo sumera. Mwa munthu chiwalo chodziwika bwino pa nkhaniyi ndi chiwindi. Mu 1931 George Higgins ndi Reuben Anderson anachotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha khoswe, ndipo chotsalacho chinabwerera pa kukula kwake pasanathe milungu iwiri. Oyambitsa ntchitoyi ndi hepatocyte growth factor, HGF, pamodzi ndi mapuloteni a banja la EGF, ndipo kukulako kumaima chiwindi chikafika pa msinkhu woyenerana ndi thupi. Zimenezi ndizo zimatheketsa munthu wamoyo kupereka gawo la chiwindi chake kwa wodwala.

Chitsanzo chimene chinadabwitsa asayansi chinachokera mu Africa. Mu 2012 Ashley Seifert ndi anzake anafotokoza za mbewa za ubweya wobaya za mtundu wa Acomys zimene anagwira ku Kenya. Khungu lake limang'ambika mosavuta chilombo chikazigwira, koma limameranso ndi ubweya wake popanda chipsera chenicheni, ndipo dzenje la mamilimita 4 loboola m'khutu limatsekeka ndi khungu ndi chichereŵechereŵe chatsopano. Mbewa za mtundu womwewu zimapezekanso m'malo amiyala kummwera kwa Africa. Zili ndi mapuloteni a mabanja omwewo amene mbewa zina ndi anthu ali nawo, ndipo kafukufuku wa masiku ano akuyang'ana kwambiri mmene macrophages ndi myofibroblasts ake amayankhira mauthengawo mosiyana.

Zilonda zokanika

Chilonda chimene chatha milungu yambiri chisakuchepa kawirikawiri chimakhala chakanirira pa gawo la kutupa. Maselo oyera amangobwerabe n'kumakhuthula michere yodula mapuloteni, yonga elastase ndi MMP, ndipo micherezo imadula mauthenga ndi zolandirira zake uthenga usanafike. Mabakiteriya amamanga kansalu koterera pansi pa chilonda kamene mankhwala amavutika kukalowa. Maselo a m'mphepete amakalamba n'kusiya kumva.

Matenda a shuga amasonkhanitsa mavuto amenewa pamodzi. Amachepetsa magazi opita kumapazi, amafooketsa maselo oyera, ndipo amapha mitsempha yomvera ululu, kotero munthu amapitiriza kuponda pa chilonda osadziwa. Kuwerengera kumene kunafalitsidwa mu 2017 kunati pakati pa anthu 19 ndi 34 mwa 100 alionse odwala shuga adzakhalapo ndi chilonda cha kuphazi m'moyo wawo. Kuperewera kwa chakudya nako kumachedwetsa kupola: popanda vitamini C kolajeni silimba, mpaka zipsera zakale zimatha kutsegukanso, ndipo kusowa kwa mapuloteni ndi zinc kumafooketsa kugawikana kwa maselo. Fodya amapanikiza mitsempha ya magazi.

Chitsanzo china ndi chilonda cha Buruli, chimene chinatenga dzina la dera lina ku Uganda ndipo chimapezeka m'mayiko monga Democratic Republic of Congo ndi Cameroon. Kachilombo kake, Mycobacterium ulcerans, kamatulutsa poizoni wotchedwa mycolactone, amene anapezeka mu 1999. Mu 2014 zinadziwika kuti poizoniyu amatseka khomo la mkati mwa selo lotchedwa Sec61, limene mapuloteni ambiri opita kunja amadzerapo. Maselo amalephera kutumiza mauthenga oitana chithandizo, ndipo chilonda chimakula mwakachetechete, nthawi zambiri chosapweteka. Mankhwala ake ndi rifampicin ndi clarithromycin kwa milungu 8, koma chilonda chachikulu chimatenga miyezi kuti chitsekeke kachilomboko katafa kale.

Malire a mankhwala

Asayansi atatha kupanga mapuloteniwa m'mafakitale m'zaka za m'ma 1980, ambiri anayembekezera kuti zilonda zokanika zatsala pang'ono kugonjetsedwa. Zotsatira zake zakhala zocheperapo. Mu 1997 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza becaplermin, mankhwala opaka okhala ndi PDGF, pa zilonda za kuphazi za odwala shuga. Pa mayeso ake aakulu, zilonda 50 mwa 100 zinatsekeka m'milungu 20, poyerekeza ndi 35 mwa 100 zopakidwa mafuta opanda PDGF. Ku Japan mankhwala opopera okhala ndi FGF anayamba kugulitsidwa mu 2001. Ku Cuba, bungwe la CIGB mumzinda wa Havana linapanga Heberprot-P, yolembetsedwa mu 2006, imene ndi EGF yobayidwa mkati mwa mnofu wa chilonda kuti ipewe michere ya pamwamba ija.

Chifukwa chimodzi cha zotsatira zochepazi n'chakuti thupi limatumiza mauthenga ambirimbiri motsatizana, pamene mankhwala amapereka umodzi wokha pa mlingo umodzi. Palinso chifukwa chochitira zinthu mosamala. Mu 1983 zinadziwika kuti jini ina yoyambitsa khansa, yopezeka m'kachilombo ka anyani, ndi yofanana kwambiri ndi jini ya PDGF, ndipo mu 1984 ina inapezeka kuti ndi cholandirira cha EGF chodukaduka chimene sichizima. Mu 1986 Dvorak anayerekeza zotupa za khansa ndi zilonda zimene sizimaliza kupola. Mu 2008 FDA inaika chenjezo lalikulu la khansa pa becaplermin, ndipo inalichotsa mu 2018 kafukufuku wotsatira atalephera kutsimikizira ngoziyo. Ubale umenewu umaonekanso mbali inayo: bevacizumab, mankhwala a khansa otsekereza VEGF amene anavomerezedwa mu 2004, amachedwetsa kupola kwa mabala, kotero saperekedwa mkati mwa masiku 28 opaleshoni isanachitike kapena itachitika.

Ngakhale m'mayeso a becaplermin, odwala amene zilonda zawo zinkapalidwa kawirikawiri kuchotsa mnofu wakufa ndiwo ankapola bwino. Kupala kumachotsa maselo okalamba ndi kansalu ka mabakiteriya, ndipo kumatulutsa magazi atsopano okhala ndi mapulateleti, kotero mauthenga amayambiranso pachiyambi. Pa chilonda cha kuphazi cha shuga, chithandizo chimene malangizo a akatswiri amaika patsogolo ndi pulasitala kapena nsapato yapadera yosavulika yochotsa kulemera kwa thupi pamalo ovulala, kuchiza mabakiteriya, kutsitsa shuga, ndi kuona ngati magazi akufika kuphaziko. Mankhwala a mapuloteni olimbikitsa kukula amaganiziridwa pokhapokha zonsezi zitachitika ndipo chilonda chikukanabe kuchepa.